Mapanga Awiri Avumbwitsa: Kuuzana Mayina a Ofunsira Malo M'makoleji ndi Zotsatira za Kuswa Pangano

Mawu oyamba

Chaka chilichonse mayina a ophunzira omwe asankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede za boma akatuluka, nthungululu zimamveka m'makomo owerengeka chabe m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Boma la Mangochi, komwe ine ndimachokera, lidapezeka ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa m'chaka cha 2018, koma ana ake omwe amafika ku yunivesite ndi ochepa tikayerekeza ndi unyinji umenewu. Pa chifukwa ichi, malo amodzi a ku koleji ndi chuma cha mudzi wonse. Malowo akapita pachabe, wotaya si mwini dzina yekha ayi.

M'nkhani ino ndifotokoza zinthu ziwiri zomwe zimayendera limodzi. Choyamba ndi mchitidwe wa makoleji wouzana mayina ndi mbiri ya anthu omwe afunsira malo. Chachiwiri ndi zomwe zimamugwera wophunzira amene wavomera malo pa koleji ina, kenaka n'kutembenuka. Ndiyamba ndi dziko la America, komwe nkhaniyi idafika mpaka kukhoti, kenaka ndibwera kuno kwathu kuti tione momwe vuto lomweli lidaonekera ndi momwe lidakonzedwera. Pomaliza ndionetsa kuti mbali yaikulu ya vutoli ndi ya chiyankhulo.

Chitomero cha sukulu ku America

Ku America munthu wofuna maphunziro a ukachenjede amafunsira malo m'makoleji ambiri nthawi imodzi. Ambiri amatumiza mafomu awo cha mu Januwale, amalandira mayankho cha kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, ndipo amapatsidwa mpaka pa 1 Meyi kuti asankhe koleji imodzi. Nthawi imeneyi imathandiza banja kuika makalata onse pamphasa n'kuona kuti ndi koleji iti yomwe yalonjeza thandizo lalikulu la fizi.

Koma pali njira ina yachidule yotchedwa Early Decision. Wophunzira amasankha koleji imodzi yomwe mtima wake wakonda, n'kutumiza fomu pofika pa 1 kapena pa 15 Novembala. Yankho limabwera pakati pa mwezi wa Disembala. Asanatumize fomuyo amasayina chikalata cholonjeza kuti akapatsidwa malo adzapita basi, ndiponso kuti adzachotsa mafomu onse omwe adatumiza kwina. Pa chikalatachi pamasayina anthu atatu: wophunzira, kholo lake, ndi mlangizi wa pasukulu ya sekondale yomwe akuphunzira. Pali njira inanso yotchedwa Early Action, yomwe imapereka yankho msanga koma osamumanga munthu.

Kwa ife a kunyanja, chinthu chofanana ndi Early Decision ndi chitomero. Mnyamata akatomera mkazi amapereka chikole, akuluakulu a mbali zonse ziwiri amadziwitsidwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo anyamata ena amalambalala khomolo. Ukwati sunachitike, koma aliyense akudziwa kuti pali mawu. Kholo ndi mlangizi omwe amasayina chikalata chija ali ngati ankhoswa: zinthu zikasokonekera, manyazi amagwera iwonso.

Makoleji amaikonda njirayi chifukwa imawathandiza kudziwiratu chiwerengero cha ophunzira omwe abwere ndi ndalama zomwe alandire. Komanso koleji yomwe pafupifupi aliyense wopatsidwa malo amavomera imaoneka yapamwamba m'maso mwa anthu. N'chifukwa chake makoleji ena amadzaza theka la malo a chaka choyamba, mwinanso kuposerapo, kudzera m'njira imeneyi. Wophunzira naye amakopeka poona kuti m'makoleji ambiri gawo la olandiridwa mwa ofunsira msanga limakhala lalikulu kuposa la ofunsira mu Januwale.

Chomwe makoleji amauzirana mayina

Chikalata cha Early Decision si pangano loti koleji ingakatengere munthu kukhoti. Palibe wapolisi amene angagwire mwana wa zaka 17 n'kukamukhazika m'kalasi mokakamiza. Nanga mphamvu yake ili pati? Ili pa kuuzana. Kwa zaka zambiri makoleji ena akhala akupatsana mndandanda wa mayina a ophunzira omwe awalandira mwa njirayi, ndipo chikalata chomwe wophunzira amasayina chimanena kuti dzina lake lingathe kuperekedwa ku makoleji ena. Koleji ikaona kuti munthu amene akufunsira malo kwa iyo adatomeredwa kale kwina, ikhoza kuika fomu yake pambali.

Choncho woswa pangano akhoza kukumana ndi zinthu zingapo. Ndalama yogwirira malo yomwe adalipira imapita. Koleji yachiwiri yomwe amathawirako ikhoza kumulanda malo ikadziwa zomwe adachita, n'kutsala alibe kuno alibe uko. Mlangizi wa kusekondale, yemwe dzina lake lili pa chikalata chija, akhoza kukana kutumiza zotsatira za mayeso ku makoleji ena. Nthawi zina chilango chimagwera osalakwa. M'chaka cha 2025 zidamveka kuti yunivesite ya Tulane, ya mumzinda wa New Orleans, idaletsa kwa chaka chimodzi ophunzira a sukulu ya Colorado Academy kufunsira malo mwa Early Decision, chifukwa mmodzi wa ophunzira a pasukulupo adaswa pangano. Apa ndiye paja amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola.

Khomo lotulukira mwaulemu lilipo. Ngati thandizo la fizi lomwe koleji yapereka silikukwanira moti banja silingathe kulipira, wophunzira amaloledwa kupempha kuti amasulidwe. Chofunika n'chakuti anene poyera ndiponso msanga, osati kungosowa.

Si onse amene amaona kuuzana kumeneku ngati chinthu chabwino. Mu Epulo 2018, unduna wa zachilungamo wa dziko la America udalembera makoleji angapo, monga Amherst, Williams, Middlebury ndi Wesleyan, pofuna kufufuza ngati kupatsana mayina kotere sikukuphwanya malamulo oteteza mpikisano pa malonda. Mu Ogasiti 2025, ophunzira ena adasumira makoleji 32 ku khoti la m'chigawo cha Massachusetts. Dandaulo lawo lidali lakuti makoleji akagwirizana zosalandana ophunzira otomeredwa, wophunzira amasowa mpata woyerekeza mitengo, ndipo fizi imakwera. Ngakhale makoleji eni ake adayamba akayikapo. M'chaka cha 2006, Harvard ndi Princeton adalengeza kuti asiya kusankha ophunzira msanga chifukwa njirayi imakomera ana a anthu olemera, omwe safunika kudikira kuti aone thandizo la fizi. Mu 2011 adaibwezeretsa, koma mosamanga wophunzira.

Kusankhidwa kawiri kuno kwathu

M'Malawi mulibe njira yotchedwa Early Decision, koma muzu wa vutoli ulipo: munthu mmodzi kugwira malo awiri pamene mnzake alibe ngakhale amodzi. Kuyambira m'chaka cha 1965 pomwe Yunivesite ya Malawi idalandira ophunzira ake oyamba, dziko lino lidali ndi yunivesite ya boma imodzi yokha, ndipo mndandanda wa osankhidwa udali umodzi. Zinthu zidasintha Yunivesite ya Mzuzu itatsegulidwa mu 1999. Pambuyo pake koleji ya Bunda idachoka mu Yunivesite ya Malawi n'kukhala LUANAR mu 2012, ndipo MUST ya ku Ndata m'boma la Thyolo idalandira ophunzira oyamba mu 2014.

Yunivesite iliyonse ikamaitana ndi kusankha payokha, zotsatira zake n'zodziwikiratu. Mwana amene wakhoza bwino mayeso a MSCE, tinene kuti wapeza mapointi 9 kapena 10, amafunsira malo konsekonse poopa kutsala. Popeza wakhoza bwino, dzina lake limatuluka pa mindandanda iwiri kapena itatu. Iye sangadzigawe, amapita kumodzi. Mabedi ndi mipando ya kwinako imakhala yopanda munthu, pamene mnzake wa mapointi ochulukirapo pang'ono, yemwe akadatha kulowa, ali pakhomo kuthandiza amayi ake kuyanika usipa pathandala. Wophunzira wosankhidwa kawiri sadalakwe kanthu. Cholakwika chidali chakuti mayunivesite sankaonetsana mindandanda yawo.

Vutoli lidali lopweteka kwambiri m'nthawi ya ndondomeko ya kota, yomwe boma la Bingu wa Mutharika lidaibwezeretsa mu 2009 ndipo idathetsedwa mu 2020. Pa ndondomekoyi boma lililonse linkakhala ndi malo khumi otsimikizika. Kwa boma ngati la Mangochi, malo otere adali ngati madzi a m'chitsime cha m'chilimwe, ndipo amodzi akatayika mudzi wina umagona ndi ludzu.

Yankho lidabwera kudzera m'bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2011. Chapakati pa zaka za m'ma 2010, bungweli lidayamba kuyendetsa chisankho chimodzi cha mayunivesite a boma. Wophunzira amalemba fomu imodzi, n'kundandalika maphunziro omwe akufuna kuyambira omwe wawakonda koposa. Zomwe walemba zokhudza mayeso ake zimayenera kugwirizana ndi zomwe zili ku bungwe la mayeso la MANEB. Choyenereza chachikulu ndi makirediti asanu ndi imodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Pamapeto pake munthu aliyense wosankhidwa amapatsidwa malo amodzi okha. Yunivesite ya Malawi itagawidwa mu 2021, n'kubadwa MUBAS ndi KUHeS, mayunivesite a boma adakwana asanu ndi imodzi, ndipo phindu la fomu imodzi lidaonekera poyera. Mwana wa ku Makanjira kapena ku Katuli akadayenera kulipira ndi kutumiza mafomu asanu ndi imodzi osiyanasiyana, ambiri akadagwa ulesi ulendo usadayambe.

Tikaonetsetsa, zomwe makoleji a ku America amachita mwa kuuzana paokha, kuno zimachitika poyera kudzera m'bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo. Mayiko ena adatsata njira yofananayo. Ku Britain kuli bungwe la UCAS, komwe wophunzira amasankha maphunziro osaposa asanu, ndipo mayankho akabwera amagwira malo amodzi otsimikiza ndi ena amodzi odalira zikavuta. Kusiyana kwa njira ziwirizi n'kwakukulu. Ku America kuuzana kumateteza koleji kuti isataye wophunzira wake. Kuno cholinga chake n'chakuti malo ochepa omwe alipo afikire anthu ambiri.

Mpata womwe udatsala

Chisankho cha NCHE chidatseka khomo limodzi, koma mazenera adakali otsegula. Mayunivesite omwe si a boma, monga DMI St John the Baptist yomwe ili ndi nthambi ku Mangochi konkuno, amasankha okha ophunzira awo. Chimodzimodzinso makoleji ophunzitsa aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale monga ya Machinga, makoleji a unamwino a mipingo, makoleji a ntchito zamanja, ndi koleji ya zausodzi ya ku Mpwepwe. Aliyense mwa amenewa ali ndi nthawi yake yoitanira, yosankhira ndi yotsegulira.

Apa ndi pomwe pamabadwira chitomero cha kwathu kuno. Taganizirani mtsikana wa ku Malindi amene wakhoza bwino MSCE. Koleji ya uphunzitsi yatulutsa mayina msanga ndipo iye alipo. Mndandanda wa ku yunivesite sunatuluke. Makolo ake akuti, "Mwanawe, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo." Iye akupita, akulembetsa, akuyamba maphunziro. Patapita miyezi iwiri dzina lake likutuluka ku yunivesite. Akachoka, palibe amene angamudzudzule kwenikweni, pakuti aliyense amafuna zabwino. Koma malo omwe wasiya ndi ovuta kudzaza, chifukwa anzake apita kale patsogolo ndi maphunziro, ndipo amene adali wotsatira pa mndandanda mwina adakwatiwa kapena adanyamuka ulendo wa ku Joni. Dziko lomwe likusowa aphunzitsi lataya mphunzitsi mmodzi asadayambe n'komwe ntchito.

Ku sekondale vuto la malo osiyidwa lili ndi mankhwala ake. Ana osankhidwa kupita ku Fomu 1 akapanda kufika, unduna wa zamaphunziro umachita chisankho chachiwiri kuti malowo adzazidwe. Izi zimatheka chifukwa sukulu zimatsegulira limodzi ndipo aphunzitsi aakulu amapereka mayina a omwe sadabwere ku ofesi imodzi. Makoleji a mitundu yosiyanasiyana alibe kalendala imodzi, ndipo izi ndi zomwe zimachititsa kuti wophunzira azigwira uku akuyang'ana uko.

Zomwe wosiya malo amataya

Choyamba chomwe chimatayika ndi ndalama. Fizi ndi ndalama zolembetsera zomwe munthu walipira pa koleji yoyamba kawirikawiri sizibwezedwa zonse. Kwa banja lomwe lidagulitsa mbuzi kapena kubwereka kwa mwini chilimira kuti mwana anyamuke, ndalama imeneyi ikapita pamakhala povuta kupezanso ya ulendo wachiwiri. Alipo omwe adasiya koleji yoyamba, n'kulephera kupeza fizi ya yachiwiri, n'kubwerera kumudzi chimanjamanja. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa.

Chachiwiri ndi malo enieniwo. Yunivesite iliyonse imakhala ndi nthawi yolembetsera. Munthu akapanda kufika m'nthawi imeneyi, osanenanso kanthu, amatengedwa kuti malowo sakuwafuna. Chomwe ana ambiri a kumudzi sadziwa n'chakuti munthu amene wavutika ndi fizi kapena matenda akhoza kulembera kalata mkulu woona za kalembera wa ophunzira, kupempha kuti amusungire malo mpaka chaka chotsatira. Pempho lotere limaweruzidwa motsata malamulo a yunivesite iliyonse, koma amene walemba kalata ali ndi poyambira, pamene wongokhala chete alibe. Apa tikuona kufanana ndi ku America kuja: pangano limamasulidwa ndi kuyankhula, ndipo limaswedwa ndi kusowa.

Chachitatu chimakhudza omwe amaphunzira ndi ndalama za ena. Pansi pa ndondomeko yophunzitsa aphunzitsi ya IPTE, yomwe idayamba chapakati pa zaka za m'ma 2000, ophunzira ankasayina chikalata cholonjeza kuti akamaliza adzakaphunzitsa m'sukulu za kumidzi kwa zaka zisanu. Mapangano ofanana nawo amapezeka kwa anamwino ndi ena omwe alipiriridwa fizi ndi boma, mipingo kapena mabungwe, ndipo kawirikawiri amanena kuti wothawa adzabweza ndalama. Palinso ngongole za bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira la HESLGB, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2015. Bungweli limadalira kuuzana ndi mayunivesite komanso olemba anthu ntchito kuti lidziwe komwe obwereka ali. Kusiya sukulu panjira sikufafaniza ngongole yomwe munthu adatenga kale.

Komabe pangano lili ndi mbali ziwiri. Magulu angapo a aphunzitsi omwe adamaliza maphunziro a IPTE adakhala pakhomo zaka boma lisadawalembe ntchito, ngakhale iwo adali okonzeka kupita kumidzi komwe adalonjeza. Munthu amene waona mkulu wake akudikira chotere savutika mumtima kusiya koleji ya uphunzitsi mwayi wina ukapezeka. Amene akufuna kuti ana asunge mawu ayenera kuyamba ndi iye kusunga ake.

Tisaiwalenso kuti ambiri mwa ana a kunyanja omwe amasiya malo sachita izi chifukwa cha dyera. Ena uthenga umawapeza mochedwa chifukwa kwawo intaneti ndi yovuta ndipo nyuzipepala sizifika. Ena amapatsidwa maphunziro omwe adawaika kumapeto kwa fomu pongofuna kudzaza mizere. Ena amaona anzawo omwe adalekera sukulu ku pulayimale akubwera kuchokera ku Joni ndi njinga zamoto ndi malata, n'kuyamba kuwerengera zaka zinayi za njala ku koleji. Chilango chokhwima ngati cha ku Tulane chikadabwera kuno, chikadagwera sukulu za masana za m'midzi, zomwe ndi kale lomwe zimatumiza ana ochepa ku yunivesite.

Malire a kuuzana

Kuuzana za anthu si chinthu chachilendo kunyanja. Kuyambira m'chaka cha 1993, pomwe makomiti a m'madoko adayamba kukhazikitsidwa ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire, msodzi wosamukira ku doko lina ankayembekezeka kuonetsa kalata yochokera ku komiti ya komwe wachokera. Munthu wosamukira m'mudzi wina nayenso amafunsidwa kalata ya mfumu yake. Kalata zotere zimateteza olandira mlendo. Koma tonse tikudziwa kuti kalata ya mfumu imanena zochepa: dzina la munthu, kwawo, ndi kuti wachoka bwino. Siulula matenda ake kapena ngongole za bambo ake.

Makoleji nawo ayenera kukhala ndi malire otere. Fomu yofunsira malo, makamaka yofunsira ngongole, imanyamula zinsinsi zambiri: ngati makolo ali moyo, zomwe amapeza, ulumali ndi zina. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka kwa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. M'chaka cha 2024 lamulo loteteza mbiri ya anthu la Data Protection Act lidayamba kugwira ntchito, ndipo bungwe la MACRA ndi lomwe lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Mfundo za lamuloli ndi zomveka: mwini mbiri adziwe chifukwa chomwe ikutengedwera, isagwiritsidwe ntchito ina yosiyana ndi yomwe adauzidwa, ndipo akhale ndi mwayi wokonzetsa zolakwika. Kuti koleji idziwe ngati munthu wagwira malo kwina, ikungofunika dzina, nambala ndi yankho lakuti inde kapena ayi. Zoposera apo ndi miseche ya m'maofesi.

Mbali ya chiyankhulo

Monga wophunzira wa ziyankhulo, ndikuona kuti nkhaniyi ili ndi mfundo ziwiri zomwe zimatikhudza ife mwachindunji. Yoyamba ndi kalembedwe ka mayina. Ku Mangochi mayina ambiri adachokera ku Chiarabu kudzera m'Chiswahili ndi Chiyao, ndipo alibe kalembedwe kamodzi. Dzina limodzi limalembedwa Yusuf, Yusufu kapena Usufu. Lina Said, Saidi kapena Sayidi. Komanso ambiri amatenga dzina loyamba la bambo awo kukhala chiwongo, moti m'boma limodzi mumapezeka anthu ambiri a mayina awiri ofanana ndendende. Makoleji akamayerekeza mindandanda pogwiritsa ntchito mayina okha, zolakwika ziwiri zikhoza kuchitika. Munthu mmodzi wolembedwa mosiyana pa mafomu awiri adzaoneka ngati anthu awiri, n'kugwira malo awiri osadziwika. Anthu awiri a dzina limodzi adzaoneka ngati munthu mmodzi, wosalakwa n'kulandidwa malo. Chiphaso cha unzika, chomwe bungwe la NRB lidayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2017 kuyambira a zaka 16, chimathandiza chifukwa nambala yake ndi ya munthu mmodzi. Komabe mphunzitsi wolemba dzina la mwana ku Sitandade 8 ayenera kudziwa kuti kalembedwe komwe wasankha tsiku limenelo kadzamutsata mwanayo mpaka ku yunivesite.

Mfundo yachiwiri ndi chiyankhulo cha zikalata zomwezo. Mafomu ofunsira malo, makalata opereka malo, ndi mapangano a ngongole amalembedwa m'Chingerezi cha zamalamulo. Kholo kapena womuyang'anira mwana amene akufunsidwa kusayina kapena kudinda chala mwina amayankhula Chiyao chokha. Iye akamadinda, kodi akudziwa kuti akuchita chiyani? Chichewa chimasiyanitsa bwino mawu awa. Lonjezo ndi mawu a munthu mmodzi kwa mnzake. Pangano limamanga anthu awiri, aliyense ndi mbali yake. Lumbiro limachitika pamaso pa mboni kapena pa Mulungu, ndipo kuliswa kumaopsa. Womasulira akauza kholo kuti "akungofuna dzina lanu apa," walichotsa m'gulu la ankhoswa n'kulisandutsa chidindo. Akanena kuti ndi lumbiro, mwina waliopseza mopitirira muyeso, moti mwana adzaopa ngakhale kulemba kalata yopempha kuti amusungire malo. Mawu oyenera ndi pangano, ndipo womasulira afotokoze mbali zonse ziwiri pamodzi ndi khomo lotulukira.

Ntchito yomasulira zikalata zotere m'Chichewa ndi m'Chiyao ndi yotheka. Likulu loona za ziyankhulo la Centre for Language Studies ku Zomba lakhala likugwira ntchito zomasulira ndi kukonza kalembedwe ka ziyankhulo zathu kuyambira mu 1996. Tsamba limodzi lofotokoza tsiku lomaliza kulembetsa, ndalama zomwe sizibwezedwa, ndi momwe munthu angapemphere kusungiridwa malo lingapulumutse mabanja ambiri. Wailesi za m'dera lino monga Dzimwe ndi Radio Maria zingathe kuulutsa uthenga womwewo nthawi yomwe mayina atuluka.

Mawu omaliza

M'nkhani ino ndaonetsa kuti makoleji amauzana mayina pofuna kuti munthu mmodzi asagwire malo awiri. Ku America kuuzanaku ndiko kumapereka mphamvu ku pangano la Early Decision, ndipo kwadzetsa mafunso ngati sikukupondereza osauka. Kuno kwathu chisankho chimodzi cha NCHE chidathetsa kusankhidwa kawiri m'mayunivesite a boma, koma pakati pa mayunivesitewa ndi makoleji ena padakali mpata. Maganizo anga ndi akuti mpatawu sungatsekedwe ndi zilango. Ungatsekedwe makoleji atagwirizana nthawi yotulutsira mayina, atamasunga mndandanda wa odikira woti aitanidwe msanga, ndiponso atamauzana zochepa zokha zofunikira, mwini dzina akudziwa.

Kwa mng'ono wanga amene dzina lake lituluke kawiri chaka chino, mawu anga ndi awa: sankha msanga, ndipo komwe sukupitako ulembereko kalata sabata yomweyo. Kalatayo idzakutengera pepala limodzi ndi mphindi zochepa. Kwa mnzako amene ali wotsatira pa mndandanda, kaya ndi wa ku Nankumba, ku Namwera kapena ku Chimwala, pepala limenelo likhoza kumufika asadagule tikiti ya basi ya ku Joni.